Sabata Imene Aphunzitsi Anagona kwa a Gwaza

Sabata ya a Gwaza yosunga Aphunzitsi inafika mvula itangokata. Aphunzitsiwo anali makina a matayala atatu, msinkhu ngati mtondo, ndipo lamulo linali lakuti khomo lililonse liwaphunzitse kanthu kamene sakadziwa. Likalephera, mwana wa pakhomopo ankabwereza kalasi.

A Gwaza anawaonetsa kaikidwe ka msampha wa mbewa. "Zimenezo ndinaphunzira kale kwa a Mbewe," anatero makinawo. A Gwaza anayesa kuwaphunzitsa kuluka lichero, anayesa nyimbo zopalira, koma zonse zinali zodziwika. Mwana wawo Mwatitha mpaka anasiya kudya.

Lachinayi akuchokera kudimba, makina ali pambuyo, a Gwaza anaona apongozi awo akubwera ndi mtolo wa nkhuni. Anapatuka msangamsanga n'kukanjuta mu nandolo, nkhope atalozetsa kumbali.

"Mwaona njoka?" anafunsa makinawo.

"Ayi, ndi apongozi, mayi a mkazi wanga."

"Munayambana?"

"Olo kamodzi! Umenewu ndi ulemu."

"Ulemu wake wothawa munthu? Nanga nkhope yawo mumaidziwa?"

A Gwaza anakanda m'mutu. Chimene ankachidziwa bwino ndi katsokomoledwe ka mayiwo ndi zidendene zawo, basi.

Loweruka apongozi aja atatulukira pakhomo, makina anagudubuzika ndi liwiro mpaka kuseri kwa nkhokwe n'kuzimitsa nyali zake.

"Ababa, aphunzira!" anakuwa Mwatitha akudumphadumpha. "Ndakhoza!"

Mayiwo anatula dengu, n'kuyang'anitsitsa kunkhokweko.

"Iwe Mwatitha, kawafunse alendowo. Ana anga onse ali pabanja. Nanga iwo akufuna uti?"