Mizere ya Pensulo

Aphunzitsi anali pa tsamba 186 pamene anaona mzere woyamba. Unali wa pensulo, wokhotakhota, pansi pa mawu akuti "madontho".

Bukulo linali lakale, lachikuto chakuda chodyeka m'mbali. Ankaliwerenga masana atakhala pawindo la pabalaza, chifukwa maso awo anali atayamba kuchita chifunga. Linkanena za bwana wina wokalamba, m'chinyumba cha zipinda makumi anayi pamwamba pa phiri. Makatani ake sankatsekulidwa, wotchi yake inaima kalekale, ndipo mkazi wake wofatsa ankamuthirira timadontho m'chakumwa. Aphunzitsi, amene kwa zaka makumi atatu ankakhalitsa chete kalasi yonse ndi kutsokomola kokha, tsopano ankadzidzimuka ndi kulira kwa chitseko. Tsiku lililonse ankati bukuli ndi lachabechabe, tsiku lililonse ankalitsekulanso.

M'mawa mwake mizere inawonjezeka. "Chiphe." "Wamasiye." "Manda." Chimene chinawadabwitsa n'chakuti inali pa tsamba limene iwo anali asanafikepo, kutsogolo kwa kapepala kamene ankaika posonyeza pamene alekezera.

M'nyumbamo munali anthu awiri okha, iwowo ndi akazi awo. Ana onse anali paokha. Ndipo mayiwo sankadziwa kuwerenga. Zaka makumi atatu ndi zinayi za banja ankasaina ndi chala. Aphunzitsi ankangoti adzawaphunzitsa pa holide, mpaka maholide onse anatha, ntchito n'kupuma.

Ndiye ankadula mizereyo ndani?

Apa mutu unayamba kuthamanga. Anakumbukira tsiku limene anapita kukapimitsa maso. Dokotala anawatulutsa iwowo kuti akadikire pabenchi, n'kutsala ndi mayiwo nthawi yaitali. Mayiwo anatuluka ndi kabotolo m'manja, nkhope ili gwa.

"Akuti maso angotopa, abambo. Madontho awiri m'mawa, awiri madzulo."

Chiyambireni madonthowo chifunga sichinachoke. Kenaka panabwera za Lolemba ndi Lachinayi. Masana mayiwo ankasamba, kutenga chikwama, n'kunena kuti akukaona anzawo. Anzawo ati ofunika chikwama? Nanga kung'ung'udza kwa kukhitchini kuja, munthu akulankhula yekha motsitsa mawu, n'kusiya akangomva mapazi?

Pa tsamba 204 Aphunzitsi anapeza kuti mkazi wa bwana uja anakhala zaka makumi awiri akunamizira kuti salankhula. Anatseka bukulo. Anachita mantha enieni amene sanawamvepo chibadwire.

Lachinayi limenelo, mayiwo atangotuluka, Aphunzitsi anatenga kabotolo kaja pashelefu. Anakhuthulira mankhwala onse mu mphika wa maluwa wa pawindo, n'kudzazamo madzi a pampopi. Anakapukuta bwinobwino, n'kukabwezera pamalo pake, chizindikiro chitayang'ana kukhoma monga anakapezera. Anadziona ochenjera kuposa bwana wa m'buku uja.

Milungu inayi inadutsa. M'mawa ndi madzulo ankapendeketsa mutu ngati mwana womvera, mayiwo n'kuwathira madzi m'maso. Chakudya sankachikhudza mpaka mayiwo atayamba kudya. Koma chifunga chija chinangokulirakulira. Zilembo zinayamba kuthawira m'mbali mwa tsamba, ndipo tsamba limodzi linkawatengera ola lathunthu. Aphunzitsi anati basi, chiphe chinalowa kale ndisanazindikire. Anaganiza zouza mwana wawo woyamba, koma angayambe bwanji? Kuti amako akundipha, ndawerenga m'buku?

Mizere ija sinasiye. Tsiku lililonse inkawatsogolera ndi tsamba limodzi, ngati munthu amene akukudikira pakhonde.

Lolemba lina mayiwo anabwera msanga. Anatseka chitseko, n'kukoka mpando mpaka maondo awo anagundana ndi a Aphunzitsi. M'dzanja lina anali ndi kabotolo kaja. M'dzanja linalo anali ndi pensulo.

"Abambo, ndipatseni bukulo."

Aphunzitsi analipereka. Anayang'ana kuchitseko, koma sanachione bwino. Anagwira mikono ya mpando.

"Pali zimene ndakhala ndikukubisirani," anatero mayiwo. "Musandidule mawu. Mukandiseka ndisiya."

Mayiwo anatsekula pamene panali kapepala kaja, n'kuika chala pansi pa mzere woyamba. Anakoka mpweya.

"Bwa-na... a-na-mva... ma-pa-zi... pa ma-si-te-pe."

Anawerenga ndime yonse, akupunthwa, akubwerera, osadumpha liwu. Atamaliza anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Mawu ondivuta ndimawadula mzere, ndikafunse kusukulu ya akuluakulu kumene ndimapita Lolemba ndi Lachinayi. Dokotala anandiuza pandekha, kuopa mtima wanuwo, kuti mukangodumphitsa madonthowa milungu iwiri simudzaonanso chilembo. Ndinachita mantha, abambo. Ndinati zikavuta, buku lanu lisathere panjira." Anaseka pang'ono, n'kutsekula kabotolo. "Koma mwayi wake sitinadumphitse ngakhale tsiku limodzi. Pendeketsani mutu."

Aphunzitsi anapendeketsa mutu. Madzi a pampopi anagwera m'diso, ozizira.