Ikalira Katatu

"Galimotoyi ikalira katatu tisanafike kwa azakhali, makiyi mundipatsa," anatero Shatha akumanga lamba.

"Wati bwanji?" anafunsa Abu Laith, bambo ake. "Ana a masiku ano mumalankhula ngati mwavumata madzi."

Shatha anabwereza mokweza. Mkuluyo anagwira ndevu zake n'kulumbira. Akanaopa chiyani? Zaka makumi atatu ndi zinayi anayendetsa basi pakati pa Irbid ndi Amman, m'chifunga, m'matalala, osapha ndi nkhuku yomwe. Lero kagalimoto kakang'ono kotukuka aka ndiye kamuyese mayeso?

Galimotoyo inagulidwa ndi Laith, mwana wake wamwamuna amene amagwira ntchito ku Kuwait. Anaitumiza patangopita milungu itatu bambo ake atagunda ngolo ya wogulitsa mavwende ndi galimoto yawo yakale. Palibe anavulala, koma mavwende anagubuduzika mpaka pakhomo pa mzikiti, ndipo dera lonse linadya nkhaniyo sabata yathunthu. Abu Laith ankati wamavwendeyo anangotulukira osachenjeza. Ana ake ankati nthawi yosiya chiwongolero yakwana. Iye ankadziwa tanthauzo lake: kukhala pakhonde tsiku lonse, kudikira wina akupititse kometa tsitsi ngati katundu.

Shatha anali atamuwerengera kale za m'kabuku ka galimotoyo. Ukapatuka pamzere, imalira. Ukayandikira kwambiri yakutsogolo, imalira. Kukakhala galimoto pambali pomwe galasi silionetsa, imalira. Ikaona ngozi imagwira yokha mabuleki, ndipo ikaganiza kuti ukuwodzera imayatsa kachithunzi ka kapu ya khofi.

"Khofi ndinayamba kumwa amene anapanga galimotoyi asanabadwe," anayankha Abu Laith tsiku limenelo.

Tsopano linali Lachisanu masana, mapemphero atatha, ndipo ku Ajloun mlongo wake anali atawaphikira mansafu, mpunga ndi nyama ya nkhosa. Abu Laith anatuluka pageti chafutambuyo, khutu lili tcheru. Zii. Anamwetulira. Timagetsi ta kuseri kwa chiwongolero sanatiyang'ane n'komwe. Dalaivala weniweni maso ake amakhala pamsewu.

Pa raundabauti analowa monga ankalowera ndi basi, mosapempha. Woyendetsa takisi wina anatulutsa mutu ndi mkono pawindo, kukamwa kuli yasa. Abu Laith anakweza dzanja.

"Ukuona? Anthu sanandiiwale. Ameneyo ayenera kuti ndinkamunyamula ali mwana wasukulu."

Shatha anali atagwira chogwirira cha pamwamba pa chitseko ndi manja onse awiri. Manyazi, anaganiza bambo ake. Watengera kwa ine, sakonda kugonja.

Atatuluka m'tauni msewu unayamba kukhotakhota m'mapiri, pakati pa minda ya azitona. Kangapo chiwongolero chinanjenjemera m'manja mwake n'kukokera pang'ono mkati mwa msewu. Anatukwana omanga misewu a masiku ano, amene amathira phula ngati akupaka uchi pa buledi. Anapitirira lole ya simenti pachitunda, n'kubwerera kumbali kwake mwaulemu wonse. Anatcheranso khutu. Zii. Mumtima anayamba kukonza mawu oti akamuuze Laith pafoni, mawu ofatsa koma olasa, oti mnyamatayo akawakumbukire mpaka adzamere imvi.

Atangokhota pa kona ina, nkhosa zinali mbwee mumsewu, m'busa wokalamba ali pakati pake ndi ndodo. Galimoto inaima nji! Lamba anam'kanikiza pachifuwa. Mphuno ya galimoto inatsala dzanja limodzi kuti ikhudze mkanjo wa m'busayo, amene anangoima chilili, ndodo itagwa pansi.

Abu Laith anayang'ana phazi lake modabwa ndi monyada.

"Waona, mwana wanga? Phazi lafika pabuleki mutu usanaganize. Zimenezi sagula kusitolo ya magalimoto."

"Ababa, tiyeni pang'onopang'ono," anatero Shatha.

"Eya, n'zoona, nkhosa zanenepa chaka chino."

Anafika kwa mlongo wake dzuwa likadali pamutu. Anaimika galimoto pansi pa mkuyu, n'kuzimitsa injini. Anasisita chiwongolero ngati hatchi yomvera. Makiyi anawaponya m'mwamba n'kuwawakha.

"Wamva wekha," anatero. "Kuchokera ku Irbid mpaka kuno, ngakhale kamodzi. Ngakhale kutsokomola! Galimoto yanzeru imeneyi, yadziwa kuti yakumana ndi mwini ntchito. Uimbire mchimwene wako, umuuze ndi pakamwa pako."

Shatha anamasula lamba pang'onopang'ono. M'maso mwake munali misozi, ndipo bambo ake anamumvera chisoni. Kugonja n'kowawa. Mtsikanayo anasendera pafupi, anagwira dzanja la bambo ake, n'kuika pakamwa pake pakhutu pawo penipeni.

"Ababa," anafuula, "yakhala ikulira kuyambira pageti pathu. Ndinasiya kuwerenga itakwana makumi awiri."

Abu Laith anafumbatitsa mwana wake makiyi aja, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye kuti amayi akonso sanasiye kundilongololera? Ine chaka chonsechi ndimati Mulungu wayankha pemphero langa."