Kontorolo ya Anisa

Zuhura anali kusenda chinangwa pakhonde pamene mwamuna wake Twaibu anatulukira ndi mwana wawo Anisa, dzuwa likadali pamwamba. Wopita kuchipatala ku Cuamba sabwera msanga chotere.

Zuhura anayang'ana diso la mwanayo. Ulusi wakuda unali chikhalire pachikope, pomwe adotolo anadula chotupa ulendo wapitawo.

"Bambo a Anisa, ulusiwu bwanji sanachotse? Nanga chotupacho akuti chiyani, n'choopsa?"

"Sitinaonane nawo," anatero Twaibu akuvula kofia. "Paja adotolo anati tibwerere ku kontorolo. Ndiye tatsika minibasi ya chapa pa kontorolo penipeni, pomwe apolisi amaimitsa magalimoto polowera m'tauni. Wapolisi akufunsa katundu, ine ndamuonetsa diso la mwana. Aseka onse, wina mpaka kukhala pansi."

Zuhura anaponya mpeni m'beseni.

"Kontorolo ya kuchipatala, bambo, kukaonedwanso ndi adotolo. Wapolisi anayamba liti kuchotsa ulusi? Sanakulozereni njira?"

"Anandilozera. Koma munthu wamkulu atasekedwa choncho pamaso pa mwana wake..."

"Ndiye mwabwera nawo ulemu wanu, diso mwalisiya."

Anisa anakweza dzanja kuti akande chikope. Mayi ake analigwira lisanafike.

"Pakuyabwa, amayi."

"Payabwe. Mawa tipita ine ndi iwe."

Anamukhazika pambali pake n'kumugwiritsa chinangwa m'manja onse awiri, kuti zala zisapite kudiso. Kenaka anatola mpeni uja n'kuyambanso kusenda. Mulu wa chinangwawo unali usanafike ndi pakati pomwe.