Kamtsikana ka M'dzenje

"Nonse yang'anani chithunzicho," anatero Mayi Theresa Mbewe, mphunzitsi wa masamu pa sukulu ina ku Vubwi. Aka kanali koyamba kulowa m'kalasi chiikireni m'manda mwana wawo, Juliet.

M'buku lawo la masamu anajambulamo dzenje lokhala ndi makwerero. Ziro anali pamwamba polekezera nthaka, manambala a mainasi akutsikira m'dzenjemo. Pa -2 panaima kamtsikana ka diresi lofiira.

"Kamtsikanaka kali pa mainasi thuu. Tikaphatikiza ziwiri, kafika pati?"

"Pa ziro, madamu! Katuluka!" anakuwa Evaristo, wophunzira wa kutsogolo amene sankadikira kulozedwa.

"Nanga kakanakhala pansi penipeni?"

"N'zosavuta, madamu. Aliyense wa m'dzenje amatuluka, bola mudziwe nambala yophatikiza."

Anzake anaseka, koma ataona nkhope ya aphunzitsi, onse anasiya kuseka.

Mayi Mbewe anakumbuka mmene adzukulu ankatsitsira kabokosi kaja. M'dzenje limenelo munalibe makwerero. Anatembenukira ku bolodi nalemba chizindikiro chophatikiza.

Belu linalira asanapeze nambala yoti alembe.