Mkango Wachiwiri wa Twaibu

Twaibu anaponya khadi la njati pamphasa, Davie n'kuponya la gwape. Njati inadya gwape, koma palibe anawomba m'manja.

Nyanja ya Chilwa inali yotseka kuti nsomba ziswane, ndipo asodzi a padoko, amuna a ndevu zawo, anali atalowerera m'masewera a ana. Makadiwo ankapezeka m'mapaketi a bisiketi, lililonse ndi chithunzi cha nyama. Munthu ankatolera, kusinthanitsa ndi anzake, mpaka akwane khumi. Posewera ankawasakaniza n'kutola asanu osaona, nyama yamphamvu n'kumadya yofooka. Mwini golosale, ataona kuti mabisiketi akuyenda malonda, anakonza mpikisano pakhonde pake, wopambana atenge njinga yatsopano. Lamulo lalikulu linali limodzi: mkango, umene umadya nyama iliyonse, munthu akhale nawo umodzi basi.

Twaibu anali ndi iwiri. Wachiwiriwo anaupeza dzulo lake posinthanitsa ndi foni yake, ndipo unali m'kati mwa mkono wa malaya, utamatirira pakhungu ndi thukuta. Woyamba ukakana kubwera potola, wa m'malayawo unkatsika mwakachetechete.

Musamuweruze msanga. Mwana wake Fadila ankadwala matenda akugwa, ndipo chipatala chinali kutali. Matenda akamugwira, Twaibu ankamubereka kumsana n'kudutsa naye m'minda ya mpunga ya ku Likangala, matope mpaka m'mawondo, miyendo ya mwana ikumumenya m'ntchafu chifukwa anali atakula. Njingayo sankaifunira kunyada ayi.

M'mawa wonse pakhondepo panali phokoso ngati la pamsika. Twaibu anagwetsa anthu mmodzimmodzi, anzake akukuwa kuti lero wadzuka ndi mwayi. Koma dzuwa litafika pamutu, foni ya mwini golosale inalira. Bamboyo anakayankhira kuseri. Atabwera anakodola Davie, kenako wina, kenako winanso. Ananong'onezana, onse n'kucheukira Twaibu. Kuyambira pamenepo nthabwala zinatha.

Adziwa, anatero Twaibu mumtima. Amene anandigulitsa khadi uja waulula.

Ndime yomaliza inali ya iye ndi Davie, munthu wa pakamwa posatseka, amene akaluza ankatukwana mpaka agalu kuthawa. Lero Davie anali zii. Ankatola khadi, kuliyang'ana nthawi yaitali, kulibweza, kupempha madzi akumwa, kupemphanso kuti asakanize kachiwiri. Mwini golosale naye anangolengeza kuti ndime yomaliza aitalikitsa, poti njinga si chinthu chopatsana mothamanga. Amuna awiri amene anali atakhala pabenchi ananyamuka n'kukaima kumbuyo kwa Twaibu, mbali imene kunali njira.

Mantha anamugwira kwambiri. Anakumbukira munthu wina amene anagwidwa akuba ukonde padoko lomwelo chaka chatha. Mpaka pano mkono wake suwongoka. Anthu a kunyanja amaseka nawe, kudya nawe matemba m'mbale imodzi, koma ukawapusitsa sadikira apolisi.

Anaganiza zothawa. Koma njinga inali pomwepo, yotsamira chipupa, mapepala akadali pachishalo. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Anatolanso makadi.

Mkango sunabwere. Anapinda chigongono kuti atsitse winawo, koma anachita mwaphuma. Khadi linapulumuka n'kugwera pamphasa chagada, manyenje a mkango ali poyera, pamaso pa gulu lonse.

Davie analiyang'ana. Anayang'ananso Twaibu. Kenako anatembenuzira nkhope kunyanja, ngati kuti kumabango kuja kwachitika chinachake.

"Mwagwetsa khadi lanu, achimwene," anatero motsitsa mawu. "Tolani tipitirize."

Izi ndiye zinamuopsa kuposa chibakera. Akudikira chiyani anthu amenewa? Akufuna aitenge kaye njingayo m'manja kuti mlandu ukule? Anaponya mkangowo, poti panalibenso chobisa. Davie anaponya mbewa, chonsecho njovu ikuonekera m'manja mwake. Mpikisano unathera pomwepo. Palibe anasuntha, ndipo njinga palibe anaikhudza.

Nthawi yomweyo kabaza anaima panjira. Anatsika a Ibrahim, amalume ake a Twaibu, mwini mbumba, atavala mkanjo woyera ndi kofia ngati Lachisanu. Gulu linawapatukira. Twaibu anamva manyazi owawa kuposa mantha aja. Ndiye mpaka kuitanitsa amalume kuchokera ku Kuntumanji, kuti adzaone mphwawo akumenyedwa ngati mbava?

Sanadikire kufunsidwa. Anagwada pamphasa, makadi ali mbwee.

"Amalume, ndalakwa. Ndinabisa khadi. Koma sindimafunira ine, ndimafunira mwana. Andimenye, koma njingayo asandilande."

A Ibrahim sanayang'ane n'komwe makadiwo. Ananjuta pafupi naye n'kumugwira mapewa onse awiri mwamphamvu, ndipo amuna awiri aja anayandikira.

"Palibe akumenya pano, Twaibu. Tinakuimbira, foni yako anayankha munthu wina. Anzakowa ndinawapempha ndine kuti akusunge mpaka ndifike, chifukwa uthenga uwu sanena mnzako wa pamakadi." Anatsitsa mawu. "Fadila anagwera m'ngalande ya mpunga m'mawa uno. Tiye, amuna ayamba kale kukumba manda."