Wa Besi Anapita ndi Wogulitsa Nyama

"Wa besi uja mwamusiya kuti?" anafunsa mwini situdiyo, akusuzumira kukhomo.

Woimbayo anakumbatira gitala yake. Nyimbo zimene zinamutchukitsa, zija za mawu ofewa ngati akunong'ona, anazijambula yekha kukhitchini kwa mayi ake.

"Ndimaimba ndekha, bwana."

"Ayi achemwali, pansi pa mawu anu pali wina amaimba chong'ung'udza. Anthu amakonda ameneyo. Inu mumangoperekeza."

Woimbayo anamvetseranso nyimbo imodzi, n'kuzindikira kung'ung'udzako. Anaimbira foni mayi ake.

"Amayi, firiji yakale ija ili kuti?"

"Yaphokoso ija? Si iwe unati munthu wotchuka sasunga zinyalala? Tinampatsa wogulitsa nyama. Akuti masiku ano makasitomala sakufuna kutuluka m'shopu mwake."