Telesikopu Youma Khosi

Ahedi anaizungulira telesikopu ija kachitatu, akupukusa mutu ngati akuchonga mayeso a mwana wosamva. Inali pakhonde la nyumba yosanja, pamwamba penipeni, itaima pa miyendo yake itatu, mphuno italoza kutsidya kwa tauni.

"Yakalamba," anatero. "Yakalamba kwambiri."

Mwini wake, mayi wamasiye, anali pampando akuluka juzi. "Ine zimenezi sindizidziwa, bambo. Anasiya ndi malemu amuna anga. Mwezi wamawa ndikusamukira kwa mwana wanga, ndiye ndikuchepetsa katundu."

Mtima wa Ahedi unavina, koma nkhope inakhala duu. Chipumireni pa ntchito yoyang'anira sukulu, ana awo anali mbalame. Anali ndi kope lodzaza mayina a zonse zimene anazionapo, tsiku ndi malo omwe. Koma maso anali atayamba kuwanamiza. Sabata yatha analemba kakowa kudambo, n'kumudikira theka la ola kuti auluke, pamene linali jumbo loyera lokodwa pabango. Telesikopu yatsopano m'sitolo inkafuna penshoni ya miyezi inayi. Za yogwiritsidwapo kale ntchito iyi anamva kwa akazi awo.

Akazi awowo ndi amene ankasunga chikwama, ndipo pangano linali losavuta: siyani fodya monga ananenera adokotala, ndalama ya fodyayo mudzagulire choonera mbalame zanuzo. Ahedi anasiyadi, pamaso pa anthu. Kuseri kwa thanki ya madzi, atakhala pa ndowa yovundikira, inali nkhani ina. Chowazunguza mutu chinali chakuti akangokoka kawiri katatu, akazi awo ankatulukira, manja m'chiuno, ngakhale zenera la kukhitchini silinkayang'ana kumeneko. Akagwidwa, tsiku logula linkasunthidwa. Ahedi anaufufuza mlanduwo ngati mmene ankachitira kusukulu, ndipo wolakwa anapezeka: mlamu wawo amene ankakhala nawo pakhomopo. Inali itatha miyezi isanu akumuyankha moni ndi mphuno.

Lero pomaliza chikwama chinatseguka, ngakhale mowuma. Choncho panafunika nzeru.

Anayatsa tochi ya foni n'kuunika galasi lakutsogolo kuti aone ngati munamera chuku. Munali mbee, mopanda ndi kachikanda komwe. Anapotoza kamkombero kowongolera chithunzi, kanayenda myaa. Chinthucho chinali chabwino kuposa chimene ankachisirira m'sitolo muja. Diso lokha sanaliike. Lamulo lawo linali lakuti wogula wochenjera sasuzumira asanamve mtengo, chifukwa diso likakondwa pakamwa pamaulula.

Kenaka anachipeza chilema chimene ankachifuna. Atayesa kuitembenuza kuti iloze kwina, telesikopu inakana.

"Mwaona, mayi? Khosi linauma."

"Eya, chaka chathunthu chiyang'anire komweko. Sindinaisunthepo."

Ahedi ankadziwa bwino kuti dontho limodzi la mafuta a makina osokera likanathetsa nthendayo. Koma anausa moyo ngati ali pamaliro. Anafotokoza kuti amisiri a zinthu zotere anatha, kuti chitsulo chake n'chosowa, kuti telesikopu yosatembenuka ili ngati mbuzi yomangidwa pamtengo umodzi. Anawonjezanso kuti mwendo wina ukuoneka ngati ukutsimphina, ngakhale unali wowongoka kuposa yawo.

Mayi aja anatchula mtengo. Ahedi anaseka mwaulemu, n'kutchula theka lake, akudikira kukankhana kwa ola lathunthu.

Mayi aja anamaliza mzere wa juzi, n'kugwedeza mutu. "Tengani, bambo. Bola ipite kwa munthu woikonda."

Chikumbumtima chinawatsina pang'ono Ahedi, ngati nsapato yatsopano, kenaka chinaleka. Anapereka ndalama msangamsanga, kuopa kuti wina wodziwa zinthu angagogode pakhomo. M'mutu anali atayamba kale kukonza mmene akaikambire kunyumba nkhaniyi, mlamu akumvera patali.

"Kodi munaonerapo mbalame pamenepa?" anafunsa mwachifundo.

"Imodzi yokha, bambo."

Ahedi anabisa kumwetulira. Namzeze anali kuzungulira denga lomwelo, mpheta zili piringupiringu pawaya, munthu n'kuona imodzi yokha chaka chonse. Chuma chimagwera amene sachidziwa.

Tsopano poti inali yawo, anavula magalasi, anawerama, n'kuika diso.

Chithunzi chinabwera choyera ngati achigwire ndi dzanja. Panali mpanda wa njerwa. Panali chingwe choyanikira zovala, pali malaya a mizeremizere osoweka batani lachiwiri, onga amene iwo anavula dzulo. Chakumanja mlamu wawo anali gone pabenchi, nyuzipepala ili kumaso, osadziwa kanthu za dziko. Pakati penipeni panali thanki ya madzi ndi ndowa yovundikira.

"Imatera pa ndowapo teni koloko ndi folo koloko," anatero mayi aja osachotsa maso pa juzi. "Ikangoyamba kufuka utsi ndimawaimbira foni akazi anu. Timakhala benchi imodzi kukwaya."